Kalata kwa Nduna ya Zaulimi ndi akuluakulu a boma la Zomba: maluwa nawonso ndi mbewu

Olemekezeka a Nduna ya Zaulimi, Bwana DC wa Zomba, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, akuluakulu a zankhalango, ndi inu mafumu athu a m'tsinde mwa phiri,

Ndabwera mwaulemu kudzapempha khutu lanu pa nkhani ya maluwa. Ndikudziwa kuti pa Chichewa munthu akamalankhula zopanda pake timati akunena za m'maluwa, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti mawu amenewa ndiwo anatsekera mbewuyi kunja kwa maofesi anu. Koma ine wolemba kalatayi ndinaphunzira sukulu ndi ndalama ya maluwa. Fizi ya ku sekondale, nsapato zanga zoyamba, malata amene anafolera chipinda chimene tinkagona ana, zonsezi zinatuluka m'ndowa ziwiri za mayi anga. Kwathu nkhani ya maluwa ndi nkhani ya nsima.

Masiku amenewo mayi ankadzuka tambala asanalire kachiwiri, nkhungu ikadali phuliphuli m'phiri. Dimba lawo lili chakumunsi kwa phiri la Zomba, pafupi ndi kamtsinje, mabedi owerengeka chabe, malo oti mutabzalapo chimanga simungakolole ngakhale matumba awiri. Amadula maluwa dzuwa lisanatuluke, chifukwa nthawi imeneyo phesi limakhala litakhuta madzi a usiku. Duwa lodulidwa masana limagwetsa khosi musanafike nalo pamsewu. Mpeni amaudutsitsa mopendekera, masamba a m'munsi amawathothola kuti asaolere m'madzi, ndipo duwa lililonse limalowa m'ndowa nthawi yomweyo, osaligoneka pansi. M'madzimo amathiramo kasupuni ka shuga ndi dontho la jiki. Shugayo ndi chakudya cha duwa, jikiyo amapha tizilombo timene timatseka njira ya madzi m'phesi. Duwa la rozi amalidula lisanamasule, likangoyamba kuonetsa mtundu. Aja ataliatali a gladiolus amayenda choimirira, chifukwa mukawagoneka nsonga imapindikira m'mwamba ndipo siwongokanso. Ndipo mayi sangalole kuti ndowa yawo ikhale pafupi ndi dengu la nthochi zakupsa kapena tomato, pakuti mpweya umene zipatso zakupsa zimatulutsa umakalambitsa maluwa msanga. Akatha amafunditsa ndowa ndi chiguduli chonyowa, nkhata pamutu, ulendo wotsika wayamba.

Nzeru zonsezi sanazitenge m'kalasi. Anaziphunzira kwa amalume awo, amene ankasamala maluwa kunyumba za akuluakulu a boma nthawi imene Zomba inali likulu la dziko, lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Mabwana anapita, nyumba zina zinakalamba, koma luso linatsala m'manja mwa anthu a m'midzi yozungulira phiri, pamodzi ndi mbewu zimene ankapatsana m'manyuzipepala akale. Aliyense amene anakwerapo msewu wa ku Chawe anawaona anthu amenewa m'mbali mwa msewu, ena ndi mbale za sitiroberi ndi mabulosi, ena ndi mitolo ya maluwa, akuthamangira galimoto iliyonse yochepetsa liwiro. Alendo amawajambula. Boma silinawawerengepo ngati alimi.

Ndikunena izi chifukwa ndinaona ndi maso anga. Chaka china masamba a marozi athu anayera ngati awazidwa ufa, kenaka n'kuyamba kupota. Mayi anathyola masamba angapo, n'kuwaika m'jumbo, ine ndikuwaperekeza kwa mlangizi wina. Bamboyo anatilandira bwino, anatipatsa mpando, anatsegula mabuku ake. Munali chimanga, fodya, mtedza, soya, nandolo, chinangwa, tomato, kabichi. Anatiuza mwachilungamo kuti za maluwa sanaphunzitsidwe. Sindimuimba mlandu, munthu sangakupatse chimene alibe. Patapita nthawi mayi ndi anzawo anakapempha ngongole ya mapaipi ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, ndipo pafomu panalibe mzere wolembapo mbewu yawo. Anauzidwa kuti alembe kuti amalima ndiwo zamasamba. Mayi anakana kulemba bodza, nabwerera chimanjamanja.

Olemekezeka, chimene dziko la maluwa limafuna kwambiri ife tili nacho kale, ndipo sitinachigule. Ndi kuzizira kwa m'phiri. Munthu akamakwera, pa mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Tauni ya Zomba ili pansi, koma pamwamba pa phiri pamafika mamita cha m'ma 1,800, ndipo nsonga ya Malumbe imapitirira 2,000. Usiku wozizira umachititsa duwa kukula mosafulumira, ndiye phesi limanenepa, mutu umakula, mtundu umakhwima. Masana dzuwa lathu ndi lokwanira chaka chonse. Izi n'zimene zinapangitsa kuti Naivasha ku Kenya, pa mamita pafupifupi 1,900, ndi chigwa cha Bogotá ku Colombia, pa mamita 2,600, akhale malo otchuka a maluwa padziko lonse, pamene alimi a ku Ulaya amawononga ndalama zambiri kutenthetsa ndi kuunikira nyumba zawo zagalasi m'nyengo yachisanu. Ife tili ndi Zomba, Mulanje, Thyolo, Dedza ndi Bembeke, Tsangano ndi Lizulu, Viphya, Livingstonia, Misuku. Kuzizira komwe kumabereketsa mbatatesi ndi mapichesi m'madera amenewa ndi komweko kumene duwa limakonda. Tilinso ndi munda wa zomera wa ku Zomba umene Alexander Whyte anayambitsa m'zaka za m'ma 1890, tili ndi bungwe losunga ndi kufufuza zomera la National Herbarium and Botanic Gardens, tili ndi malo ofufuzira za ulimi a Bvumbwe, tili ndi aphunzitsi a zaulimi wa zipatso ndi ndiwo zamasamba ku Bunda. Zonsezi zilipo, koma njira yochokera kumeneko kufika pa dimba la mayi wa ndowa uja sinalambulidwe.

Pano ndikufuna ndikuchenjezeni za chinthu chimodzi, chifukwa ndachimva kangapo. Nkhani ya maluwa ikangotchulidwa pamsonkhano, wina amaimirira n'kunena kuti titengere chitsanzo cha Kenya, titumize marozi ku Ulaya, tipeze ndalama zakunja m'malo mwa fodya. Anthu amaomba m'manja, msonkhano n'kutha, palibe chochitika. Palibe chochitika chifukwa tayambira kunsonga ya mtengo. Duwa la ku Naivasha limalimidwa m'nyumba zikuluzikulu zapulasitiki, likadulidwa limalowa msanga m'chipinda chozizira madigiri 2 mpaka 4, limanyamulidwa m'galimoto ya firiji kupita ku bwalo la ndege la Nairobi, limauluka usiku, ndipo limakagulitsidwa pa msika wa Royal FloraHolland ku Aalsmeer m'dziko la Netherlands kapena kupita molunjika m'masitolo akuluakulu. Kuzizirako kukangoduka kwa maola ochepa, katundu yense watayika. Mitundu ya marozi imene msika umenewo umafuna ili ndi eni ake amene amalipiritsa aliyense woibzala. Pofika ku Ulaya amayeza ngati mulibe kambozi kotchedwa false codling moth, ndipo kakapezeka katunduyo amakanidwa. Tiyang'ane kwathu kuno mosanamizana: magetsi amathima, mafuta agalimoto amasowa, ndege zonyamula katundu wotere tsiku ndi tsiku tilibe. Ngakhale zitatheka, amene angakwanitse ndi makampani aakulu, ndipo anthu a m'phiri adzangokhala aganyu pa nthaka ya makolo awo. Ku Naivasha komweko madandaulo a malipiro ochepa, mankhwala opopera ndi madzi a m'nyanja ya Naivasha akhala akumveka kwa zaka zambiri. Sindikunena kuti tisadzatumize maluwa kunja mpaka kalekale. Ndikunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Msika uli pamphuno pathu, ndipo ndi waukulu kuposa mmene mumaganizira. Werengani maliro amene amachitika sabata imodzi m'mizinda ya Blantyre, Zomba ndi Lilongwe, ndipo muwerenge nkhata zimene zimaikidwa pa manda alionse: ya ana, ya adzukulu, ya akuntchito, ya akumpingo, ya aneba. Werengani maukwati a Loweruka lililonse kuchokera nthawi yokolola mpaka Disembala, zinkhoswe, maphwando olangiza akwati. Matchalitchi amakongoletsa guwa Lamulungu lililonse. Ku Great Hall ya University of Malawi, pakhomo pathu penipeni, makolo amabwera mazanamazana tsiku lolandira madigiri, aliyense akufuna kanthu koti amupatse mwana wake m'manja. Pali 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pali 14 Febuluwale, pali mahotela a m'tauni ndi a kunyanja ku Mangochi. Kuchokera ku Zomba kufika ku Blantyre sipakwana makilomita 70. Nanga zonsezi timakongoletsa ndi chiyani? Kwambiri ndi maluwa apulasitiki ochokera kunja, ogulidwa ndi ndalama zakunja zomwezo zimene timalira kuti zikusowa pogula mankhwala ndi mafuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera, koma tinapitiriza kugula. Mukalowa kumanda mwezi umodzi chichitikireni maliro mumapeza nkhata zija zitasuluka, zina zitauluzidwira m'tchire, sizingaole, sizingabwerere m'nthaka ngati mmene mwini mandayo akubwerera. Mtima wanga umawawa ndikaona zimenezo, ndikudziwa kuti tsiku lomwelo mayi wina wa m'phiri anakhuthulira maluwa ake pa kompositi chifukwa sanapeze wogula.

Anthu okongoletsa maukwati sadana ndi maluwa enieni. Ndinacheza nawo, ndipo chimene amaopa n'chomveka. Iwo amafuna kuti akanena mapesi oyera mazana atatu Lachisanu madzulo, afikedi Lachisanu madzulo, ofanana, osafota. Mayi mmodzi wa mabedi ochepa sangalonjeze zimenezo. Ife tinayesapo kamodzi. Mayi ndi anzawo anayi anasonkhanitsa maluwa a ukwati wa ku Blantyre, mwezi wa Okutobala, ine ndinatumidwa kukapereka. Minibasi inachedwa kudzaza, panjira inakaima pa mzere wa mafuta, ndipo kondakitala anali ataika ndowa zathu kumbuyo, thumba la chimanga litatsamira pamwamba. Pofika ku Limbe dzuwa lili paliwombo, ndinavundukula chiguduli n'kupeza maluwa onse atawerama, ena atathyoka makosi. Wokongoletsa uja anangoyang'ana, n'kutumiza mnyamata kukatenga apulasitiki. Ndinabwerera ndi ndowa zopanda kanthu, ndalama yoyendera itathera pachabe, ndipo amayi asanu aja sanandikalipire, anangokhala chete. Kukhala chete kumeneko ndimakumvabe mpaka lero. Duwa linali labwino, wogula analipo. Chinasowa ndi mthunzi, kuzizira ndi mayendedwe.

Choncho chimene ndikupempha poyamba sichifuna ndalama zambiri. Lembani maluwa m'mabuku anu ngati mbewu. Akalowa m'ndandanda wa mbewu za unduna, mlangizi adzaphunzitsidwa, wofufuza adzapatsidwa ntchito, fomu ya ngongole idzakhala ndi mzere wake. Sitikufuna alangizi a maluwa m'dziko lonse, awiri kapena atatu pa boma lililonse la m'mapiri ndi okwanira poyambira, ndipo aphunzire kwa amayi omwewa pamodzi ndi m'mabuku. Pakhale munda umodzi, ku Zomba kapena ku Bvumbwe, wosunga mbewu zopanda matenda, kumene alimi angagule mbande, mapesi obzala ndi timitu tija tonga anyezi, chifukwa mbewu zimene tikugwiritsa ntchito zazungulira m'manja kwa zaka makumimakumi ndipo zambiri zatopa. Pakhale kachipinda kozizira pamalo amene misewu yotsika m'phiri imakumana, ka magetsi a dzuwa ngati n'kotheka. Ngakhale kachipinda ka njerwa za makoma awiri, pakati pake pothiridwa mchenga wonyowa, kamatsitsa kutentha mokwanira kusunga duwa mpaka mawa, ndipo amisiri a m'mudzi akhoza kukamanga. Bwana DC, pamsika ndi m'mbali mwa msewu wokwera phiri pakhale shedi ndi mpopi wa ogulitsa maluwa. Amalipira chiphaso cha msika tsiku lililonse monga wina aliyense, koma amakhala padzuwa ndi katundu amene mdani wake ndi dzuwa. Kusonkhana m'magulu ife tidzachita tokha. Amayi amene amayendetsa banki m'khonde osasowetsa tambala sangalephere kugwirizana kuti ndani abzale oyera, ndani ofiira, mwezi uti.

Ndipo boma ndi wogula wamkulu. Pa 15 Januwale mumakumbukira John Chilembwe, pa 3 Malichi mumakumbukira amene anafera ufulu, pa 14 Meyi mumapita kumanda a Kamuzu, mu Novembala mumaika nkhata pa chipilala cha asilikali kuno ku Zomba, pa 6 Julaye mumakongoletsa nsanja. Mu 2016 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi yolimbikitsa kugula zopangidwa konkuno. Lamulani kuti nkhata ndi zokongoletsa za pamisonkhano ya boma zikhale za maluwa olimidwa m'dziko muno, ogulidwa ku magulu a alimi, ndipo muzilipira msanga. Gulu likadziwa kuti chaka chilichonse pa masiku akutiakuti pali oda yotsimikizika, lidzalimba mtima kugula mapaipi, ndipo okongoletsa maukwati adzatsata.

Akuluakulu a zankhalango, gawo ili ndi lanu makamaka. Tonse tikuona mmene phiri la Zomba layerera. Mbali zimene zinali zakuda ndi mitengo lero zili mbee, moto umalusa chaka ndi chaka, amayi amatsika ndi mitolo ya nkhuni yaitali kuposa msinkhu wawo, anyamata amatsika ndi matumba a makala panjinga. Mumalanda njinga, mumalipiritsa chindapusa, mawa lake abwereranso, chifukwa mimba siimva lamulo. Tinaona mu Malichi 2023 zimene phiri lovulidwa limachita, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa anthu ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Kumpoto kwa Thailand kunali vuto lofanana ndi lathu m'njira ina: anthu a m'mapiri ankagwetsa nkhalango n'kumalima mbewu yopangira mankhwala ozunguza bongo a opium. Mu 1969 mfumu ya dzikolo, Bhumibol, inayambitsa ntchito yotchedwa Royal Project. Anamanga malo ofufuzira m'mapiri momwemo, monga ku Doi Ang Khang, anabweretsa zipatso, ndiwo zamasamba ndi maluwa okonda kuzizira, ndipo chachikulu, anakonza njira yoti zokololazo zizigulidwa ndi kufika kumisika ya m'mizinda. Zinatenga zaka zambiri, koma anthu anasiya mbewu yakale chifukwa anapatsidwa china chowadyetsa. Mlimi wa maluwa ndi mlonda wa nkhalango amene simuyenera kumulipira. Iye amadziwa kuti mitengo ya kumtunda ikatha, kamtsinje kake kadzauma mu Okutobala, mwezi womwe wa tsiku la anakubala pamene maluwa amayenda malonda. Mayi anga anakanganapo ndi mbale wawo weniweni chifukwa chodula mitengo pa kasupe, ndipo sanalankhulane miyezi ingapo. Lamulo la nkhalango la 1997 limalola kuti boma ndi anthu a m'midzi azisamalira nkhalango mogwirizana. Aitaneni alimi a maluwa pa mgwirizano umenewo.

Ndinene momveka zimene sindikupempha, kuti wina asapotoze mawu anga. Sindikupempha kuti tilime m'nkhalango yotetezedwa. Sindikupempha kuti anthu azikumba maluwa achilengedwe a m'phiri n'kumagulitsa. Amenewo akatha atha, ndipo amene amawazula ayenera kuletsedwa. Sindikufunanso kuti mankhwala opopera atsikire mu Mulunguzi, madzi amene mzinda wonse wa Zomba umamwa. Ichi n'chifukwa chinanso chofunira alangizi: mlimi wopanda womulangiza amagula botolo lililonse limene wamuuza wogulitsa pamsika, n'kupopera wopanda chophimba pakamwa, mwana ali kumsana, n'kukatsukira sipuleya mumtsinje. Ndinaziona, ndipo ndi zoopsa. Komanso duwa sadya. Palibe amene ayenera kuzula chimanga chake kuti abzale marozi. Maluwa ndi a kadimba ka pambali, kobweretsa ndalama ya sabata ndi sabata m'miyezi imene nkhokwe yayamba kupepuka, pamene ya chimanga kapena fodya imabwera kamodzi pachaka.

Mafumu athu, a kwa Malemia, a kwa Mlumbe ndi madera ena ozungulira phiri, kuno dimba limatsata mayi, ndipo ambiri mwa alimi amenewa ndi ana anu aakazi ndi alongo anu. Malo a m'mbali mwa phiri ayamba kusiririka kwa anthu a ndalama ofuna kumanga nyumba zogona alendo. Musalole kuti madimba okhala ndi madzi agulitsidwe eni ake asakudziwa. Ndipo mukamagawa malo oterewa, muzikumbutsa anthu kusiya mpata wa udzu ndi mitengo m'gombe la mtsinje, osalima mpaka m'madzi.

Mayi anga tsopano akula, mawondo sakuwalolanso kutsika phiri ndi ndowa pamutu. Dimba akulisamala ndi mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene anamaliza Fomu 4 n'kusowa kolowera. Amajambula maluwa ake pafoni n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo anthu a ku Blantyre amafunsa mtengo. Chimene amalephera kuyankha ndi funso lotsatira, loti kodi afika ali bwino. Mwezi watha anandiuza kuti anzake akumukopa zopita ku Johannesburg kukagwira ntchito za m'nyumba, ndipo ndinasowa chomuuza kuti akhale.

Musatume munthu kudzationa m'malo mwanu, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Bwerani nokha, tsiku la Lachisanu, cha m'ma 5 koloko m'mawa, pamene amayi akudula a Loweruka. Mutenge juzi, kumazizira. Mudzayende ndi ndowa imodzi kuchokera pa dimba mpaka pamene imakwera minibasi, ndipo mukatero tidzakhale pansi ndi amayiwo, akuuzeni okha pamene kachipinda kozizira kayenera kumangidwa.

Ine wanu,
mwana wa mlimi wa maluwa, m'tsinde mwa phiri la Zomba